Dzuwa la a Parvan

Ku Mrazovo munthu safunsidwa ngati amatsetsereka pa chipale chofewa cha m'mapiri. Amangomuyang'ana kumaso. Wokwera phiri la Sivets nyengo yonse yozizira, dzuwa limamuwotcha masaya, mphuno ndi chibwano mpaka kuda bii, koma pozungulira maso, pamene pamakhala magalasi, pamatsala poyera mbee. Chimenechi amachitcha chidindo. Ofika mwezi wa Malichi opanda chidindo ndi alendo, odwala ndi wansembe, ndipo wansembeyo amangomukhululukira chifukwa ndevu zimabisa.

Chidindo cha a Parvan Gochev chinkadziwika mpaka midzi ya kumunsi kwa mtsinje. Anali ndi sitolo ya zida zakuphiri pakati pa mudzi, yodzaza matabwa otsetserekera, ndodo, majombo, zisoti ndi majekete owala moti munthu ankatuluka maso akuwawa. Kuposa sitoloyo, iwo ndi amene kwa zaka zambiri ankavala jekete lofiira la kalabu ya otsetsereka. Jeketelo ndi lakale, m'zigongono muli zigamba, ndipo m'sitolo mwawo sakanalola ngakhale kupukutira pansi, koma ku Mrazovo kulibe chovala china chimene amuna amachilota. Wolivala ndiye amayamba kutsika pa Mmero, chigwembe chopapatiza pakati pa matanthwe awiri, Lamulungu lomaliza la Malichi, mudzi wonse ukuonerera. Palibe amasuntha iye asanasunthe. Chisankho chimachitika dzulo lake m'nyumba yodyera ya kalabu, ndipo saponya mapepala. Anthu amayang'ana nkhope n'kukweza matambula.

Tsono chaka chimenecho a Parvan anali ndi chinthu chowadya m'mimba. Mu Disembala, chipale choyamba chitagwa, anakwera phiri monga mwa masiku onse, anaima pamutu pa njira yosavuta imene ana asukulu amatsika akutafuna buledi, ndipo miyendo inakana. Sanagwe, sanavulale. Anangoyang'ana kumunsi, mantha n'kuwagwira. Anatsika chammbali, pang'onopang'ono, nkhungu ikuwabisa, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanakwerenso. Akanathyoka mwendo bwenzi zili bwino. Ku Mrazovo pulasitala ndi mendulo: anthu amakugulira rakiya, kachasu wa kuno, amakufunsa mmene unagwera, ndipo thanthwe limene unadumpha limatalika chaka ndi chaka. Koma mantha alibe pulasitala, ndipo a Parvan analibe woti amuuze.

Anapeza nzeru. Analengeza m'sitolo, makasitomala akumva, kuti kukwera phiri pa mipando ya pachingwe, imene makina amakoka, ndi ulesi wa alendo, ndipo mwamuna weniweni amakwera ndi miyendo yake kuseri kwa phiri, kumene kulibe phazi la munthu. Mwamwayi zida zokwerera choncho zinali zitangofika kumene, ndipo zinagulidwa bwino. M'mawa uliwonse ankavala zonse, kuyambira chisoti mpaka majombo, chikwama kumsana, matabwa paphewa, n'kudutsa mumsewu waukulu akugogoda miyala kuti aliyense womwa khofi awaone. Akalowa m'nkhalango ankakhotera ku chisakasa cha abusa a nkhosa chimene chimakhala chopanda munthu nthawi yozizira. M'menemo ankakhala pa chitsa, kumwa tiyi wa m'fulasiki, kuyang'ana khoma. Dzuwa likamapendeka ankadzipaka chipale m'mawondo ndi m'mapewa, n'kubwerera kumudzi akupuma mwabefu.

Zinayenda bwino mpaka Febuluwale. Tsiku lina akumeta ndevu anadziyang'ana pagalasi ndipo lumo linaima m'manja. Nkhope inali yoyera paliponse ngati tchizi cha m'mtsuko. Kuchigwa kuno nkhungu imakhala nyengo yonse, ndipo chisakasa cha abusa chili pansi pa mitengo, kumene dzuwa silifika ngakhale m'chilimwe.

Akazi awo, a Velichka, anali ndi saluni kuseri kwa sitoloyo. M'chipinda chamkati munali nyale yowotchera khungu, imene atsikana ochokera ku mzinda ankalipira kuti akabwerera kwawo aoneke ngati anali kuphiri. A Parvan ankaiseka nyale imeneyi kuyambira tsiku limene inabwera. Lolemba saluni imakhala yotseka, ndipo Lolemba lina masana a Velichka anawapeza amuna awo atawerama pa nyaleyo.

"Bambo a Rositsa, mwayamba liti kukonda saluni?"

"Ndimati ndione nyaleyi. Ikumveka kulira, mwina waya wamasuka."

"Waya wamasuka ali m'mutu mwanumo. Nanga magalasi ali m'thumbawo ndi okonzera waya?"

A Parvan anayamba kufotokoza kuti kuseri kwa phiri kuli mthunzi wambiri, kotero dzuwa limafunika kulithandiza pang'ono. A Velichka anawalola kumaliza, manja ali m'chiuno.

"Masokosi anu amachapa ndani? Si ine? Munthu wokwera phiri masokosi ake amathamangitsa mphaka m'nyumba. Anuwa kuyambira Disembala akununkhira sopo. Ndangokhala chete kudikira kuti mundiuze nokha."

A Parvan anakhala pansi pa mpando wometera. Manyazi anawagwira mpaka makutu anatentha, koma anamvanso kupepukidwa pang'ono kuti munthu mmodzi akudziwa.

"Ndiye mwauza ndani?"

"Ndiuze ndani? Ndinu amuna anga. Koma mverani, mwakalamba, ndipo kukalamba si umbava. Pitani mukanene kuti chaka chino jekete avale wina. Adzaseka sabata imodzi, kenako adzapeza wina womuseka."

"Wina wake ndani? Achimwene anu?"

"Kaya achimwene anga, kaya galu wa abusa, ine zikundikhudza chiyani?"

"Yatsani nyaleyo, mayi."

A Velichka anapukusa mutu, anayatsa. "Paja amati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere," anatero akutseka chitseko. A Parvan anali atalowa kale pansi pa nyale. Anali atagona chagada, magalasi kumaso, chisoti kumutu kuti mzere wa pamphumi ukhale pamalo pake.

Achimwene a Velichka anali a Nedelcho, ozula mano, ndipo jekete lofiira ankalifuna kuyambira kale. Ku Mrazovo amuna ali m'magulu awiri. Ena amavala zatsopano zokhazokha, zokhala ndi mazipi ambiri kuposa matumba, ndipo amakhulupirira kuti chinthu chikapepuka ndi magalamu angapo munthu amasanduka mbalame. Amenewa mfumu yawo inali a Parvan. Ena amavala juzi la malemu bambo awo, thalauza lazigamba ndi magolovesi omata ndi tepi, kuti aliyense aone kuti iwo ndi mbadwa, luso lili m'magazi. Amenewa mfumu yawo inali a Nedelcho, omwe ankayenda pa galimoto yatsopano koma juzi lawo ankalikhulitsa pa mwala kuti lisaoneke labwino. Anyani sasekana zikundu, koma magulu awiriwa ankasekana chaka chonse.

Pali chinthu china chimene magulu onsewa amagwirizana, ndipo ndicho chinawapha a Parvan. Munthu wa ku Mrazovo akatsika phiri n'kufunsidwa kuti kumwamba kuli bwanji, yankho ndi limodzi: "Paradaiso!" Kaya mphepo yamugwetsa, kaya ndevu zauma ngati tsache, kaya sanaone nsonga ya matabwa ake, amayankha choncho kuti wotsala pansi amve kuwawa. Kudandaula za nyengo ndi khalidwe la alendo. A Parvan okha anali atanama bodza limeneli kwa zaka makumi angapo, ndipo ankadziwa kuti ndi bodza. Koma ankadziwanso, monga mwana aliyense wa m'chigwamo, kuti pansi pakakhala nkhungu pamwamba pamakhala dzuwa. Zimakhala choncho chaka chilichonse. Chaka chimenecho sizinakhale choncho. Mtambo unakhala pa Sivets kuyambira Chaka Chatsopano ndipo sunasunthe. Amuna ankatsetsereka mwa kufufuza, kuitanana mayina kuti asagundane, n'kutsika kudzanena kuti Paradaiso.

Lolemba lililonse nkhope ya a Parvan inkapsa, ndipo pofika pakati pa Malichi inali yokongola kuposa zaka zonse. Iwo ankaona ndithu kuti anzawo ndi otuwa. Koma munthu wodzikonda akaona chinthu chachilendo amachitanthauzira mokomera iye, ndiye anagamula kuti mudzi wonse wasanduka alesi, akungokhala m'nyumba ya khofi pamwamba paja. Anayamba kuiwala kuti iwo eni sanakwere. Madzulo ena a Nedelcho analowa m'sitolo kudzagula phula lopaka pansi pa matabwa, chinthu chokhacho chimene ankagula kwa alamu awo.

"Alamu!" anafuula a Parvan. "Mukudwala kodi? Nkhopeyo ngati mwagona mu ufa."

A Nedelcho anawayang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira dzino asanalizule.

"Inu ndiye mwapsa bwino, alamu. Kumeneko ndi kuseri kwa phiri?"

"Kuseri! Kumene kumapita amuna."

"Dzuwa liliko eti?"

"Lochita kuwotcha. Nthawi zina ndimavula jekete n'kutsala ndi malaya okha."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Nanga kwanu kutsogoloko kuli bwanji?"

"Paradaiso," anatero a Nedelcho, ndipo anamwetulira mpaka mano awo onse abwino aja anaoneka. Anagula phula, anagulanso mafuta oteteza khungu ku dzuwa, n'kuwasiya pakauntala. "Awa ndakugulirani inu, alamu. Mungapse kwambiri."

A Parvan anaseka tsiku lonse, n'kuuza aliyense wolowa kuti a Nedelcho nsanje iwapha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Za Lamulungu lomaliza lija anali atakonza kale. Akalandira jekete Loweruka, m'mawa mwake adzadzuka akutsimphina, bondo litakulungidwa, n'kunena kuti laguluka pa masitepe. Jekete likanakhalabe lawo chaka chonse, wina akanangolibwereka pa Mmero, ndipo pofika Disembala mwina miyendo ikanakumbukira ntchito yake.

Loweruka la chisankho nyumba yodyera inadzaza dzuwa lisanalowe. Panali nyemba za mumphika wadothi, masoseji, kabichi wowawasa ndi rakiya wa nthuza amene aliyense amalumbira kuti wa kwawo ndiye wabwino. A Parvan anachedwa dala. Atalowa anaima pakhomo, anavula chipewa pang'onopang'ono pansi pa getsi, ndipo phokoso la masipuni linatha. Amuna ndi amayi a kalabu onse anali otuwa ngati odwala a m'chipinda chimodzi, ndipo pakati pawo panaima nkhope imodzi yofiirira, yonyezimira, maso ali m'mabwalo awiri oyera.

Wanzeru akanakhala pansi n'kudya nyemba. A Parvan anapempha kulankhula.

"Abale anga, ine mtima ukundiwawa. Makolo athu ankatsika phiri ili pa matabwa osema okha, omangidwa ndi zingwe za ng'ombe. Lero tayang'anani nkhope zanu! Kalabu ya otsetsereka kapena kalabu ya ophika buledi? Phiri silinama. Limalemba pankhope ya munthu amene limamudziwa."

Palibe anaseka, palibe anakwiya. Ena anayang'ana m'mbale, ena anadziluma milomo. A Tsonka, mayi wojintcha amene amayendetsa mipando ya pachingwe ku siteshoni ya pamwamba, anali atafika mochedwa ndipo anali atamwa kale kokwanira. Iwo nkhani za m'sitolo sankazitsata.

"Koma a Parvan, inu ndiye muli ndi mwayi," anatero mokweza, mkamwa muli soseji. "Munapita kunyanja kodi? Ife kumtunda kuja chiyambire Januwale dzuwa sitinalione ngakhale kamodzi. Ndikumayatsa getsi masana. Kutsogolo, kuseri, konsekonse mtambo wokhawokha. Mpaka akhwangwala akuyenda pansi."

Wina anatsokomola. Wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. A Parvan anagwira tsaya lawo lakupsa. Anakumbukira mafuta aja pakauntala, anakumbukira anthu onse amene anawatcha ophika buledi, ndipo anazindikira kuti mudzi unadziwa kalekale n'kumawasiya azipsa. Anayang'ana kumene kunakhala akazi awo. A Velichka ankayang'ana tebulo.

A Nedelcho anaimirira, akukonza juzi lawo long'ambika. Aliyense ankayembekezera kuti tsopano amaliza. Iwo analankhula mofatsa, mawu a munthu wouza wodwala kuti sizipweteka.

"Ine chaka chino ndimafuna kupikisana nawo, sindibisa. Koma ndingapikisane bwanji ndi munthu amene phiri linamupatsa dzuwa lakelake? Ife tonse takhala tikufufuza mumdima, alamu angawa akuvula jekete chifukwa cha kutentha. Ndikuti jekete lofiira likhale pomwe lili. Mawa atitsegulire Mmero, tione miyendo imene yakwera kuseri kwa phiri nyengo yonse. Ndipo alamu, poti masitepe a kwanu aja ndi oterera, mawa ndidzabwera ndekha kudzakutengani pakhomo, bondo lingaguluke."

Matambula onse anakwera m'mwamba. Chiyambire kalabu sipanakhale chisankho chogwirizana chotero. Anawaveka jekete, anawamenya pamsana, ndipo a Parvan anamwetulira ndi milomo youma. Bodza la bondo linali litafa lisanabadwe. Chimene chikanatseka pakamwa anthu chinali chimodzi chokha, kutsika pa Mmero anthu akuona.

Pobwerera kunyumba a Velichka anayesanso.

"Bwererani pompano, anthu asanabalalike. Mukavule, munene kuti mwalephera. Kodi mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha chisanza chofiira?"

"Ndatsika pa Mmero kuyambira ndili mnyamata."

"Amene ankatsikayo ndimamudziwa, ndinakwatiwa naye. Ndikunena za inu."

A Parvan sanapite kunyumba. Analowa m'sitolo n'kuyamba kusankha. Anatenga matabwa odula kuposa onse, amene ankauza alendo kuti amakhota okha. Anatenga majombo otenthetsa mapazi ndi batire, chisoti cholimba ngati mphika, chotetezera msana, zotetezera mawondo, ndi chikwama chimene chimafufuma munthu akakwiriridwa ndi chipale. Mawu onse amene ankanena pogulitsa zinthu zimenezi anadziuza okha, ndipo kwa kanthawi anawakhulupirira. Chiyembekezo chawo chenicheni chinali mtambo. Mu nkhungu yotere munthu akhoza kutsika Mmero chammbali, ngakhale chokhala pansi, osaonedwa ndi aliyense, n'kuimirira pafupi ndi kumunsi.

Lamulungu kunacha kopanda kamtambo ngakhale kamodzi. Sivets anaonekera yense, woyera, wakuthwa, pafupi ngati ungamukhudze. Anthu anatuluka m'nyumba akuphimba maso ndi manja, akuseka, akuti a Parvan abweretsa dzuwa lawo kuchokera kuseri. A Nedelcho anafika pakhomo monga analonjezera, ndipo anawagwira mkono pa masitepe.

Pamwamba a kalabu anaima mzere kumbuyo kwa jekete lofiira. Kuchokera pamutu pa Mmero zonse zinkaoneka: matanthwe awiri akuda, njira yopapatiza yogwera pakati pawo, ndipo kutali kumunsi khamu la anthu, okalamba, amayi a ana, alendo, oimba ng'oma ndi zitoliro. A Parvan anakankha matabwa mpaka nsonga zinatulukira pamphepete. Anamanga bwino chisoti. Anakonza magalasi. Anayang'ana lamba wa chikwama, anamasula jombo limodzi n'kulimanganso. Mapazi anali ofunda bwino, batire linkagwira ntchito yake. Mawondo ndiwo ankanjenjemera mpaka zotetezera zija zinkagundana n'kumveka.

"Tikuzizidwa, atsogoleri," wina anatero kumbuyo.

"Asiyeni, akuwerenga chipale," anayankha mnzake. "Kuseri kuja n'chosiyana."

A Parvan anawerama, anabaya ndodo, anauza thupi kuti tiye. Thupi silinapite. Anayesanso, ndipo thukuta linatsikira m'magalasi. Anapemphera kuti mwina mphepo iwakankhe, agwe, athyoke chilichonse, atsike pa machira ngati munthu. Mphepo kunalibe. Anaima choncho mpaka nthabwala za kumbuyo zinatha, ndipo bata limene linatsatira linali lowawa kuposa nthabwalazo.

A Nedelcho anasendera pafupi, mapewa kugundana. Analankhula motsitsa kuti ena asamve, ndipo m'mawu awo munali chisoni pang'ono, koma osati chokwanira kuwaiwalitsa chimene anabwerera.

"Alamu, zakwana. Mukapita mmene mulilimu mukafera pa thanthwe lija, ndipo mlongo wanga sadzandilankhulanso. Vulani."

"Ndipatseni kanthawi."

"Nyengo yonse munali nako. Vulani, anthu azipita."

Kuvula jekete kunafuna kuyamba avula chikwama, ndipo chikwamacho chinali ndi malamba ambiri moti a Nedelcho anachita kuwathandiza ngati mwana wobwera ku sukulu. Atavala, a Nedelcho anatsitsa magalasi awo akale, anakokera mpango kukamwa, anafuula kamodzi n'kudziponya. A kalabu anatsatira mmodzimmodzi, akukuwa ndi chimwemwe cha anthu amene aona dzuwa patapita miyezi. A Parvan anali atakonzeka kusekedwa, koma palibe anatsala kuti awaseke. Palibe ngakhale anacheuka.

Anatsala okha ndi a Tsonka, amene anatuluka m'kanyumba kawo akupukuta manja.

"Ndiye mutsika bwanji, a Parvan? Njira ya ana ili apo."

A Parvan anayang'ana njira ya ana ija, yotakata, yosalala, n'kupukusa mutu.

"Basi bwerani," anatero a Tsonka. "Matabwawo asiyeni, ndidzatumiza madzulo."

Mipando ya pachingwe ndi yokwerera. Mbadwa ya ku Mrazovo imatsika phiri pa matabwa, kapena pa machira, ndipo panalibe amene ankakumbukira wina wotsika atakhala pa mpando. Otsika choncho ndi agogo a alendo amene abwera kudzajambulitsa zithunzi. A Tsonka anaimitsa makina monga amachitira ndi agogo oterowo, anawakhazika a Parvan, anawafunditsa bulangete lamandalasi m'mawondo poti anali opanda jekete, n'kutsitsa chitsulo chotchingira kutsogolo, chimene mwana wa ku Mrazovo amasiya kutsitsa asanayambe sukulu.

"Mugwire bwino, musagwedezeke," anatero, osati mwachipongwe, ndipo ndicho chinapweteka kwambiri.

Mpando unanyamuka. A Parvan anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ndipo chinthu choyamba chimene anamva chinawachititsa manyazi kuposa zonse za dzulo: anamva kukoma. Mawondo anasiya kunjenjemera, mpweya unalowa mpaka m'mimba, bulangete linali lofunda. Anali wamoyo, ndipo thupi lawo lopusalo linkasangalala poyera, losasamala za kalabu kapena makolo. Analira pang'ono chifukwa cha mkwiyo, misozi n'kudzaza m'magalasi.

Chingwe chimadutsa pambali pa Mmero. Atapukuta maso anaona kadontho kofiira kakutuluka pakati pa matanthwe, kakukhota uku ndi uku, chipale chikufuka kumbuyo, mzere wa anthu ukutsatira. Zaka zonsezi anali asanalionepo jeketelo likutsika, poti ankakhala ali m'kati mwake. Linkaoneka bwino zedi. Kuchokera patali chotero panalibe chosonyeza kuti wavala ndani.

Khamu la kumunsi nalonso silinathe kusiyanitsa. Nkhani ya nyale inali itazungulira nyumba zonse m'mawa umenewo, ndipo anthu anabwera kudzaona munthu akuchita manyazi. M'malo mwake anaona jekete lofiira likutsika Mmero ngati madzi. Ng'oma inayamba, zitoliro zinalira, ndipo mawu anakwera phiri mpaka pa mpando paja.

"Parvan! Parvan! Parvan!"

Ankafuula ndi mtima wonse, ngati anthu opepesa. Okalamba ankakweza ndodo zawo. A Parvan anaona ngakhale mpango wobiriwira wa a Velichka kutsogolo kwa khamulo, manja ali kukamwa, akudumpha ngati mtsikana. Chikhalire m'banja anali asanawaone akudumpha chotero.

Anacheuka kuyang'ana kumtunda, anakweza dzanja kuti mwina a Tsonka aimitse makina, awasiye alendewere pamenepo mpaka anthu atabalalika. Kanyumba kaja kanali katabisika kale kuseri kwa mitengo. Mpando unapitirira kutsika mosathamanga, ukulira pa mlongoti uliwonse, kulunjika ku siteshoni ya pansi imene ili pakati penipeni pa bwalo. Unatuluka m'mitengo, unadutsa pamwamba pa oimba, ndipo woimba ng'oma ndiye anayamba kukweza mutu. Dzina lija linkamvekabe kumbali ina ya bwalo pamene a Velichka anatembenuka kuti aone chimene anzawo akuloza.